Mafuta a pa mtima wa a Kansungwi

A Kansungwi anayamba kugwira mpeni ndevu zisanamere, ndipo imvi zinawapeza pa chipika chomwecho. Dzinali si la kwa makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a mumsika chifukwa cha thupi: munthu wamtali, woonda, lamba wochita kuboola mabowo ena ndi msomali kuti agwire buluku. Anthu odzagula nyama ankadabwa kuti munthu woswera pakati pa nyama tsiku lililonse angaonde chonchi bwanji. Iwo ankangoti zonse zimapita ku mafupa.

Bucha yawo inali kumapeto kwa msika, pafupi ndi mpopi. Kachipinda kamodzi basi, matailosi oyera m'khoma ena osweka, mbedza zachitsulo m'mwamba, sikelo pa kauntala, firiji yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi chipika chokumbika pakati chifukwa cha nkhwangwa. Ankagwira awiri ndi alamu awo, mlongo wa akazi awo, bambo wamfupi wa mimba yotsogola, amene ntchito yake inali sikelo ndi pakamwa.

M'mawa uliwonse lole yochokera kophera ng'ombe inkaima kumsewu, chifukwa kanjira kolowera mumsika n'kopanikiza ndiponso kali ndi masitepe. Nyama inkayenera kukwera masitepewo pa phewa la munthu, ndipo phewa limenelo linali la a Kansungwi. Ankayala saka paphewa, kuwerama pang'ono, adalaivala n'kuwasenzetsa mwendo wathunthu wa ng'ombe, iwo n'kumakwera osapuma mpaka pa mbedza. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti nyama sigunda pansi. Kaya mvula igwe, kaya matope achuluke, munthu akhoza kugwa koma nyama ayi. Mabucha ena anagula mawilibala kalekale, n'kumazungulira njira yakuseri yopanda masitepe. Iwo ankati wilibala ndi ya anthu odwala. Akazi awo ankawauza kuti mwendo wa ng'ombewo tsiku lina udzawaika m'manda. Iwo ankayankha kuti tsiku limene adzasiye kusenza ndi limene adzafe.

Zam'kati zinkabwera m'beseni lalikulu: chiwindi, mapapo, impso, matumbo. A Kansungwi asanakhudze china chilichonse ankayamba apisa dzanja kufuna mtima. Anaphunzira zimenezi kwa mkulu wina amene anawalemba ntchito ali mnyamata, yemwe ankati ng'ombe ikhoza kunamiza munthu ndi chikopa koma osati ndi mtima. Mtima wokhala ndi mafuta oyera, olimba, ozungulira kumtunda kwake ngati kolala ya malaya, ndiye kuti ng'ombeyo inkadya bwino. Mtima umene mafuta ake asungunuka, angotsala tamadzimadzi tonanda, ndiye kuti inali yodwala kapena yanjala, ndipo nthawi zina woyeza nyama ankakana kuidinda chidindo. Apa a Kansungwi sankanama. Ngakhale woyeza nyamayo ankavomereza kuti diso ali nalo.

Mafuta amenewo, a pa mtima ndi a pa impso, sankafika pa sikelo. Anali a mwini mpeni. Dzuwa likafika pamutu ankasonkha moto pa kambaula kuseri kwa bucha, kuika timafutato pa waya, kuwaza mchere wambiri, n'kumadya ali chiimire mafuta akuyenderera m'zala. Chakudya cha masana cha moyo wawo wonse chinali chimenecho.

Kunyumba amene thanzi lawo linkaopetsa anthu anali mayi. Mulungu amaumba mosiyana, ndipo akazi a a Kansungwi anawaumba ndi dothi lambiri. Anali mayi wathupi, wosoka zovala pa khonde ndi makina opalasa, woimba kwaya, wosabisa mawu. Ana awo akabwera kudzacheza ankangoti amayi chepetsani shuga, amayi muziyenda, amayi pitani mukayezetse. Mayiwo ankapitadi, n'kubwerako atauzidwa kuti zili bwino koma asamale. Bambo palibe ankawauza kanthu. Munthu woonda ngati uja angadwale chiyani? Iwonso ankawaseka akazi awo kuti akanakhala ng'ombe bwenzi mabucha akuwalimbirana. Mayi ankati bambo akanakhala ng'ombe bwenzi atawasiya kuti afe okha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Pakati pa masitepe a Kansungwi anayamba kumaima, n'kumachita ngati akukonza saka. Pachifuwa pankathina ngati wina wamanga chingwe n'kumakoka. Akapachika nyama n'kukhala kaye pa chipika, chingwecho chinkamasuka chokha. Alamu awo anaona, koma poti ndi achipongwe anangoti, "Alamu, masitepewa awonjezera ena usiku eti?" A Kansungwi anati ndi mpweya wa m'mimba, n'kumwa madzi a soda.

Mayi ndi amene sananamizike. Anaona kuti bambo akamachokera ku msika sakufikiranso kubafa, akumayamba akhala pa mpando wa pakhonde jombo zili kuphazi, akupuma ndi pakamwa. Anawauza kuti apite ku chipatala, bambo anakana. Anapemphera, kenako anaimbira mwana wawo woyamba, wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ndipo kulimba mutu anatengera bambo ake omwewo. Mwanayo anabwera tsiku limene bucha satsegula, n'kunena kuti sachoka pakhomopo mpaka ababa avale malaya. Anavala.

Ku chipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anawatumiza kukajambulitsa mtima. Anawagoneka chammbali pa kabedi, kuwapaka zozizira zoterera pachifuwa, adokotala n'kumayendetsa kachida pa nthiti uku akuyang'ana pa kanema. Adokotalawo anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo. A Kansungwi anapotoza khosi kuti aone nawo. Mitima anali atagwira yosawerengeka, koma yonse yoima kale. Umenewu unali woyamba kuuona ukugwira ntchito, ukufinya ndi kumasuka, tizitseko take tikutseguka ndi kutseka. Anauyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mnzake wantchito yemwe wakhala akungomumva mbiri.

Adokotala analoza kamzere kozungulira kunja kwa mtimawo n'kunena kuti awa ndi mafuta, ndipo achulukirapo kuposa mmene amayembekezera. A Kansungwi anamwetulira mpaka mano onse panja. Anafunsa ngati ali oyera ndi olimba. Adokotala anati pa makinawo sangaone zimenezo.

Mwana wawo ndi amene anafunsa funso lenileni, lakuti kodi mafuta amenewa ndi amene amabweretsa matenda oopsa a mtima. Adokotala anayankha mosathamanga. Anati munthu aliyense ali nawo mafuta pa mtima, ndipo pang'ono si vuto. Anati koma anthu amene ali nawo ambiri amapezeka kawirikawiri ndi mitsempha yothina, kapena mtima wofooka, kapena wogunda mosalongosoka, ndipo izi zimachitika ngakhale kwa anthu oonda. Ngati ndi mafutawo pawokha amene amawononga, kapena amangoyendera limodzi ndi zina zowononga, anati akatswiri akadafufuzabe ndipo iwo sanganame kuti akudziwa zonse.

"Koma inu bambo, mafutawo tiwaike kaye pambali," anatero adokotala. "Chifuwa chikumathina mukasenza katundu, magazi akuthamanga. Zimenezo zokha n'zokwanira kuti ndikudereni nkhawa. Musiye kusenza. Mafuta ndi mchere muchepetse. Mapiritsi awa muzimwa, ndipo mubwerenso tidzaone mitsempha."

Pa zonsezo a Kansungwi anatolapo mawu awiri okha: akuti aliyense ali nawo, ndi akuti akatswiri sakudziwa.

M'mawa mwake anafika ku msika chifuwa chili patsogolo. Anauza alamu awo, anauza adalaivala, anauza mayi wogulitsa tomato pafupi ndi mpopi, kuti makina a ku chipatala awaona m'kati ndipo apeza mtima wa kolala yonse. Anati kunja kokha ndi kumene aonda, m'kati ndi ng'ombe ya giredi yoyamba. Alamu anati ndiye aitane woyeza nyama adzawadinde chidindo pa thako. Msika wonse unaseka. Mapiritsi anawaika pamwamba pa firiji, kuseri kwa wailesi, ndipo kunyumba ananena kuti amamwera ku ntchito. Tsiku lobwerera ku chipatala linadutsa iwo ali pa chipika.

Sikuti ankanyoza adokotala. Ankati mtsikanayo ndi waulemu ndipo sukulu anapita. Kungoti mitima waiona ingati? Ya pa kanema. Iwo aigwira ndi manja kuyambira mtsikanayo asanabadwe, ndipo sanaonepo ng'ombe ya mtima wa mafuta ili yodwala. Yodwala ndi ya mtima wouma. Nkhani inathera pamenepo.

Mayi anakhala masiku angapo osalankhula za nkhaniyi, koma ankaona. Mapiritsi a magazi amene anzawo a kwaya amamwa ena amakodzetsa, ena amatsokomoletsa, ndipo munthu amene akumwa amadandaulako kenakake. Bambo sankadandaula kalikonse. Tsiku lina masana mayi anaphimba makina awo ndi nsalu, kuvala nsapato, ulendo wa ku msika. Anadutsa pa kauntala osapereka moni kwa mlongo wawo, kutambasula dzanja pamwamba pa firiji, n'kutsitsa kapepala ka mapiritsi kali fumbi lokhalokha, kosatsegula n'komwe. Anatulukira kuseri. Bambo anali pa kambaula, mafuta akulira pa waya.

A Kansungwi sanachite manyazi. Anapukuta manja pa apuloni, kulowa m'kati, n'kutuluka ndi mtima wa ng'ombe wa tsiku limenelo. Anali asanausenge mbali imodzi. Anawaonetsa mayi kolala yoyera ija, kuwauza kuti agwire aone kulimba kwake, n'kufotokoza zonse zija za mkulu amene anawaphunzitsa. Anati ng'ombe iyi inali yathanzi, woyeza nyama waidinda osaiyang'ana kawiri, ndipo mtima wawo ndi wotere.

Mayi anauyang'ana mtimawo, osaugwira.

"Bambo, ng'ombe imeneyi inali ndi zaka zingati?"

A Kansungwi anati mwina zitatu, mwina zinayi, poona mafupa ake.

"Nanga pa ng'ombe zanu zonse za mitima yokongolazi, ndi iti imene munaisiya kuti ikalambe, imere imvi ngati inu, muone chimene mafutawo adzaichite? Mumazipha zisanafike. Ndiye mukudziwa bwanji?"

Alamu amene anali pakhomo anayamba kuseka, kenako anaona nkhope ya mlongo wawo n'kubwerera ku sikelo. Mayi anaika mapiritsi pa mpando, kunena kuti iwo umasiye sakuufuna koma ngati bambo aufunitsitsa ayambiretu kuwauza nyimbo zimene akwaya adzaimbe, n'kumapita. A Kansungwi anadya mafuta awo onse, mwaukali, mpaka kunyambita zala.

Koma funsolo linawakhala. M'mawa mwake woyeza nyama anabwera ndi lole, monga ankachitira masiku ena poyendera mabucha. Anali bambo wofatsa wa jasi loyera. A Kansungwi anamukokera pambali ngati akufuna kumufunsa za ntchito, n'kumufunsa ngati ng'ombe ya mafuta ambiri pa mtima imakhalitsa. Woyezayo anaganiza kaye. Anati sakudziwa. Anati zonenepazo amazinenepetsa dala chifukwa cha mpeni, ndipo palibe amazisunga kuti aone mapeto ake.

"Ine ndimayeza ngati nyamayo ili yodyeka, achimwene. Zoti ng'ombeyo ikanakhala zaka zingati, chidindo changa sichinena."

A Kansungwi anangoti chabwino. Tsiku limenelo anatsegula kapepala kaja n'kumeza piritsi limodzi ndi madzi a pa mpopi, alamu atayang'ana kumbali. Koma saka anayalabe paphewa. Kumwa mankhwala kunali kosavuta chifukwa palibe ankaona. Kusiya kusenza msika wonse ukanaona.

Panapita milungu. Ndiye kunacha tsiku lina kwa mitambo, masitepe ali onyowa. Adalaivala anawasenzetsa mwendo wa nkhunzi yaikulu, n'kunena mwanthabwala kuti lero mudya thukuta lanu. A Kansungwi anayamba kukwera. Asanafike pakati chingwe chija chinagwira, koma ulendo uno sichinathere pachifuwa. Chinatsikira ku mkono wamanzere, chinakwera ku nsagwada. Thukuta lozizira linatuluka thupi lonse ngakhale kunali mphepo. Anaima. Anayesa kuchita ngati akukonza saka, dzanja linakana kukwera.

Pamwamba pa masitepe ankaona chitseko cha bucha ndi mbedza ikulendewera yopanda kanthu. Sipanali patali. Anali atayendapo moyo wawo wonse. Akanatha kuluma mano n'kukwera, ndipo mumtima ankadziwa kuti akatero mwina nyama ifika koma iwo safika. Akanathanso kungoiponya pansi pa matope. Anaima pamenepo, amayi a tomato akuyang'ana, adalaivala akuyang'ana.

"Alamu," anaitana, mawu ali pansi. "Alamu, tabwerani mulandire."

Alamu anatuluka atatsegula kale pakamwa kuti aponye chipongwe. Atawaona nkhope anatseka. Anatsika masitepe mothamanga, mimba ikugwedezeka, n'kulowetsa phewa lawo pansi pa mwendowo popanda saka, malaya oyera n'kudzaza magazi. Anadzandira nawo mpaka pa mbedza. Nyama sinagunde pansi. A Kansungwi ndi amene anakhala pansi, pa sitepe yonyowa, atagwira pachifuwa.

Anawatengera ku chipatala pa lole yomweyo ya nyama, atakhala kutsogolo pakati pa adalaivala ndi alamu. Mayi anawapeza atagonekedwa kale, mawaya ali pachifuwa. Sanalire, sanakalipe. Anakhala pa mpando, kuwagwira phazi, n'kupemphera motsitsa, kenako anafunsa anamwino kumene angatenge madzi otentha. Ambuye anachita chifundo. Madokotala anapeza kuti mtsempha umodzi wodyetsa mtima unali utathina kwambiri, ndipo anati akanakwera masitepe otsalawo mwina bwenzi tikunena zina.

Adokotala achitsikana aja anabwera kudzawaona pa bedi. Sananene zoti ndinakuuzani. A Kansungwi ndi amene anayambitsa, kufunsa ngati ndi mafuta aja achita zimenezi. Adokotala anati sangawalozere chinthu chimodzi. Pali mafutawo, pali magazi othamanga amene anakhala zaka osadziwika, pali mchere, pali msinkhu, palinso bambo awo a a Kansungwi amene anangogwa n'kumwalira tsiku lina akumanga katundu pa njinga, osadwala. Anati zonsezi zinakoka chingwe chimodzi, ndipo chimene chinakoka kwambiri sangachidziwe.

A Kansungwi anafunsa ngati sangangowatsegula n'kusenga mafutawo. Anati ndi ntchito yaing'ono, iwo amaichita tsiku lililonse, mpeni ukhale wakuthwa basi. Adokotala anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Anati a munthu sasengedwa choncho, chifukwa mitsempha yodyetsa mtima imadutsa m'kati mwa mafuta momwemo. Anati amatha kuchepa pang'onopang'ono munthu akamayenda ndi kusintha kadyedwe, koma osati ndi mpeni. Za mitsempha yodutsa m'mafutazo a Kansungwi anavomera msanga. Anali ataiona kambirimbiri, kungoti sankaiganizira.

Pano akadali pa bucha yomweyo. Anasinthana ndi alamu: iwo ali pa sikelo, alamu ali ku nyama. Alamuwo anagula wilibala atangosenza tsiku limodzi, ndipo amazungulira nayo njira yakuseri akudandaula kuti anakwatitsa mlongo wawo kwa munthu wowathera mimba. Mimbayo yayambadi kubwerera. A Kansungwi wilibalayo saiyang'ana. Ikamalowa amapeza chochita ku firiji. Pa sikelo sachita bwino kwenikweni, chifukwa alibe pakamwa pa malonda ndipo amauza anthu zoona za nyama ya dzulo.

M'mawa amayenda wapansi kuchokera kunyumba, mayi ali pambali, mpaka pa chipata cha msika, kenako mayi amabwerera ku makina awo. Amayenda mokangana, wina akuti mukufulumira, wina akuti mukuchedwa. Mapiritsi anachoka pa firiji, ali pa tebulo la kunyumba pafupi ndi Baibulo la mayi, pamene palibe angawabise. Chakudya cha masana chimachokera kunyumba m'kabakuli, chamasamba ambiri, mchere wongonunkhiza. Amadya atakhala pansi, mosakondwa, koma amamaliza. Kambaula kaja anapatsa amayi a tomato. Saka lija likadali pa msomali kuseri kwa chitseko. Mayi anafuna kulitaya, iwo anati lisiyeni.

Beseni la zam'kati likafika, dzanja lawo limapitabe ku mtima poyamba. Amautembenuza, kukanikiza kolala ndi chala, n'kunena kuti iyi inkadya bwino. Mafutawo masiku ano amakwera pa sikelo ngati nyama ina iliyonse. Tsiku lina mayi wina wogula, amene anamva za kudwala kwawo, analoza mtima umene unali pa kauntala n'kufunsa ngati mafuta oterowo ali oopsa.

A Kansungwi anaukulunga m'pepala, n'kuupereka.

"Kwa munthu, pitani akakuoneni msanga, musachite ngati ine. Kwa ng'ombe sindikudziwa, mayi. Sitinaidikirepo."